Shopu Yathu Tiimange Pati? Tiyeze Kaye Tisanakumbe Maziko

Mawu amene mlembi wa komiti ya zamalonda anayankhula pa mwambo wokondwerera kuti kopaletivi yathu yakwanitsa zaka khumi

 

Anzanga amene ayankhula kale atikumbutsa kumene tachokera. Ine andituma kuti ndikambe za kumene tikupita. Pa msonkhano waukulu wa pachaka umene ukubwerawu mudzafunsidwa funso limodzi: shopu yathu yatsopano ya feteleza, mbewu ndi mankhwala, pamodzi ndi sikelo yogulira mtedza ndi soya, tiimange pati? Ndalama zake si za bungwe lakunja ayi. Ndi za masheya anu, ndi phindu limene munavomera kuti tisagawane nyengo ziwiri zapitazi. Tikalakwitsa, zapita. Nyumba si okala woti mawa n'kumusenza kupita naye tsidya la msewu.

Tinalakwitsapo kale

Tsiku lachisangalalo ngati lero sitifuna kukumbutsana mabala, koma mundilole ndikande limodzi. Ena mwa inu mukuikumbuka shopu yathu yoyamba ija. M'chaka chathu chachitatu tinakhala pansi pa mtengo, ndipo mnzathu wina wamtima wabwino anaimirira nati ali ndi malo kumudzi, atipatsa ulere. Wina wa mawu amphamvu anawonjezera kuti, "Ndi pafupi, msewu ndi wabwino, ndiponso sitilipira kanthu. Tikudikiranso chiyani?" Tonse tinaomba m'manja. Inenso ndinaomba, ndipo ndine amene ndinalemba m'buku kuti msonkhano wagwirizana.

Tinaumba njerwa mu Ogasiti, fumbi lili koboo, lole ikufika mpaka pakhomo. Itafika Disembala, lole ya feteleza inatitimira padambo paja. Tinatsitsa matumba mvula ikugwa, n'kumatuta pangolo, ena ananyowa. Wobereketsa anafika kwa mamembala chimanga chitayamba kale chikasu. Titakolola, mtedza umene tinasunga m'chipinda chonyowa pansi unachita chuku, ndipo wogula anaukana. Anthu odutsa kunalibe, moti wogulitsa wathu ankangokhala tsiku lonse kuthamangitsa nkhuku. Patatha nyengo zitatu tinatseka.

Tsono tamverani ichi, chifukwa ndiye mutu wa nkhani yanga. Pa msonkhano uja palibe amene ananama. Amene anati "pafupi" ankanena zoona, kunali pafupi ndi kwawo. Amene anati "msewu ndi wabwino" ankanena zoona, mu Ogasiti unalidi wabwino. Zakuti malo ndi aulere zinalinso zoona. Chimene chinatigwetsa n'chakuti mawu amenewa aliyense anawamva mwa iye yekha, ndipo sitinafunsane kuti pafupi motani, wabwino mwezi uti, nanga pa zitatuzi cholemera kwambiri n'chiti.

Mango oyezuka

Mutatuma mwana kuti akasankhe mango, akupsa uku, osapsa uku, abwerako ndi funso: nanga oyezukawa ndiike kuti? Mwanayo sanapuse. Bango silidumpha kuchoka pa kusapsa n'kufika pa kupsa usiku umodzi. Pali loyamba kuyezuka, pali lakupsa mbali imodzi, pali loti lidyedwe lero lomwe.

Mawu amene timasankhira malo a malonda ali chimodzimodzi. Tinene kuti tagwirizana kuti pafupi ndi makilomita 5. Ndiye kuti mayi amene amakhala makilomita 5 ndi mapazi makumi awiri ali kutali, pamene mnansi wake wa kuseri kwa nkhokwe ali pafupi? N'zoseketsa, eti? Komatu n'zimene timachita tikamakakamiza funso lililonse kuti liyankhidwe ndi inde kapena ayi.

Nkhani imeneyi inavutitsanso anthu a masamu. M'chaka cha 1965, mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya California ku Berkeley, dzina lake Lotfi Zadeh, analemba kuti chinthu chikhoza kukhala m'gulu lina pang'ono chabe, kapena theka, kapena kwathunthu, ndipo muyezo wakewo ungalembedwe ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Maganizowa anawatcha fuzzy, ngati mmene ife timanenera za chinthu chooneka mwachimbuuzi, chopanda malire odulidwa ndi mpeni. Mu 1970 iye ndi mnzake Richard Bellman anasonyeza mmene maganizowo angathandizire posankha zochita. Zinthu zake sizinathere m'mabuku. Mu 1987 sitima zapamtunda za mumzinda wa Sendai ku Japan zinayamba kuyenda ndi makina oganiza mwa njira yomweyi, kuti zizinyamuka ndi kuima mosagwedeza anthu. Lero akatswiri amaigwiritsa ntchito poyerekeza malo omangapo masitolo, nyumba zosungira katundu ngakhalenso zipatala, pamene zofunika kuziganizira zili zambiri ndipo zikukokerana kwina ndi kwina.

Ife anatibweretsera ndi mwana wa membala mnzathu amene anaphunzira ku Bunda. Iye amawerengera pa kompyuta, koma titakhala naye masana awiri tinaona kuti mtima wa njirayi sufuna magetsi. Umafuna nyemba, mbale, choko ndi anthu onena zoona. Komiti yathu pamodzi ndi nthumwi za makalabu tayesera kale, ndipo ndikufuna ndikuyendetseni mmene tinayendera, kuti pa tsiku la msonkhano pasadzakhale wonena kuti a komiti anaphikira kuseri.

Choyamba: sefa

Pali zinthu zina zimene sizifuna kuyeza. Zilipo kapena palibe, basi. Tinagwirizana zinayi. Malowo akhale ndi umwini womveka, wolembedwa, mafumu ndi abale a mwini malo atavomereza, chifukwa malo opatsidwa pakamwa amasanduka mlandu tsiku limene wopatsayo watisiya. Asakhale pamene madzi amadutsa kapena kuima, paja madzi saiwala khwawa. Pakhale bwalo loti lole itembenukirepo. Ndipo pakhale poti khonsolo ingatipatse chiphaso cha malonda.

Malo amene mamembala anatchula analipo asanu ndi awiri. Anayi anagwera pa sefa pomwepa, ndipo ena mwa iwo anali okongola ndithu. Anatsala atatu. Oyamba ndi nyumba yochita lendi pamphambano pa Kamwendo penipeni, pamene msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku boma la Mchinji ukumana ndi wopita ku Kapiri ndi ku Kasungu. Achiwiri ndi malo a kumudzi, pamtunda pouma, pakati pa makalabu athu ambiri, amene mfumu yalola kutipatsa pamtengo wochepa kwambiri. Achitatu ali m'mbali mwa msewu wa ku Kasungu, mutatuluka pang'ono pa Kamwendo, ogula pamtengo wapakatikati.

Chachiwiri: tikufuna chiyani pa malo?

Apa tinaika lamulo: palibe kutchula dzina la malo kapena la mwini wake. Tikambe kaye zimene shopu imafuna kuti ikhale ndi moyo. Anthu anatchula zambiri, koma titaphatikiza zofanana zinatsala zisanu: kuchuluka kwa ogula, msewu m'nyengo ya dzinja, kuyandikira kwa mamembala, mtengo wa malo kapena lendi, ndi chitetezo.

Muone kuti sitinalembe kuti "msewu" chabe. Tinalemba kuti "msewu m'dzinja", chifukwa feteleza amayenda mvula itayamba. Phunziro limeneli tinaligula modula padambo paja.

Chachitatu: nyemba khumi

Zisanuzi sizilemera mofanana, ndipo apa m'pamene misonkhano yambiri imasokonekera, chifukwa wa mawu aakulu ndiye amapambana. Ife tinaika mbale zisanu m'chipinda, iliyonse ndi chithunzi chake kuti ngakhale amene sawerenga azindikire. Aliyense analandira nyemba khumi, n'kulowa yekhayekha, n'kugawa nyembazo m'mbale monga mmene mtima wake ukuonera kulemera kwa chinthu chilichonse. Wapampando nyemba khumi, gogo wa sheya imodzi nyemba khumi. Si lamulo lachilendo limeneli, ndi lomwe lija la makopaletivi onse lakuti membala mmodzi, voti imodzi.

Titawerenga n'kugawa ndi chiwerengero cha anthu, zinatuluka motere: ogula nyemba 3, msewu 2, kuyandikira 2, mtengo wa malo 2, chitetezo 1.

Pali china chimene tinaona. Amayi ambiri pokambirana pambuyo pake ananena kuti nyemba zawo zambiri anaponya m'mbale ya kuyandikira. Abambo ambiri, makamaka a njinga zamoto, anaponya ku ogula. Mayi wina anati, "Inu mumati pafupi chifukwa mumapalasa. Ine thumba ndimasenza pamutu, mwana ali kumbuyo." Mawu amenewa pansi pa mtengo paja sanamveke, chifukwa palibe anawafunsa.

Chachinayi: kukaona ndi maso

Malo sayezedwa muli mu ofesi. Tinatuma anthu asanu kumalo onse atatu, kawiri: mu Febuluwale mvula ili pakati, ndi mu Juni anthu akugulitsa zokolola. Anakhala pamalopo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, tsiku la msika ndi tsiku wamba, akuwerenga odutsa ndi timiyala m'thumba. Anafunsa a kabaza mtengo wonyamula thumba la makilogalamu 50 kuchoka pamenepo kukafika ku kalabu iliyonse. Anafunsa oyendetsa malole ngati angalole kufikako mu Januwale. Anacheza ndi eni magolosale oyandikana nawo za akuba. Safunsa anadya phula.

Pobwera sitinawafunse manambala. Munthu ukamufunsa kuti chitetezo cha pamalo ndi maperesenti angati, angokupekera kuti umusiye. Tinawapempha kuti pa chinthu chilichonse asankhe amodzi mwa mawu asanu amene tonse timayankhula: zoipa kwambiri, zoipa, pakatikati, zabwino, zabwino kwambiri.

Chachisanu: liwu lililonse, manambala atatu

Apa ndiye pali nzeru ya a Zadeh ija. Mukafunsa mlimi mu Malichi kuti mtedza atuta matumba angati, wanzeru sanena nambala imodzi. Amati, "Zikavuta asanu ndi atatu, mwina khumi, Mulungu akalola khumi ndi awiri." Wapereka manambala atatu: zikavuta, chiyembekezo, zikayenda. Ameneyo wanena zoona kuposa amene walumbira kuti khumi ndendende.

Ifenso liwu lililonse tinalipatsa manambala atatu, pa muyezo wochoka pa 0 kufika pa 10:

Zoipa kwambiri: 0, 1, 3
Zoipa: 1, 3, 5
Pakatikati: 3, 5, 7
Zabwino: 5, 7, 9
Zabwino kwambiri: 7, 9, 10

Taonani kuti manambalawa akulowerana. Mapeto a "pakatikati" ali m'kati mwa "zabwino", monga mmene bango loyezuka lilili mbali ziwiri. Tinachita dala, chifukwa "zabwino" za inu zikhoza kukhala "pakatikati" kwa ine, ndipo tonse osanama.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangolemba nambala imodzi n'kuthana nazo. Tiganize za ogula pa Kamwendo pano. Tili m'boma la m'malire. Chipata cha Mwami, chimene chinatsegulidwa mwatsopano mu Disembala 2022 kuti a kasitomu a Malawi ndi a Zambia azigwirira ntchito pamodzi, chili pamsewu womwewu. Mitengo ya soya ndi chimanga ikasintha ku Chipata, mavenda kuno amachuluka kapena kuchepa sabata yomweyo. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo nonse mukukumbuka mmene mtengo wa feteleza unadumphira. Pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP, imene inalowa m'malo mwa FISP mu 2020, inkasintha chiwerengero cha olandira chaka ndi chaka, ndipo zimenezo zinkasintha amene ankabwera kudzagula kwa ife. M'dziko lotere, munthu wokuuzani nambala imodzi ya ogula a chaka chamawa ndi wolosera, si wowerengera.

Chachisanu ndi chimodzi: kuchulukitsa ndi kuphatikiza

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Manambala atatu a liwu timawachulukitsa ndi nyemba za chinthucho, kenako n'kuphatikiza zonse zisanu. Popeza nyemba ndi khumi ndipo muyezo umathera pa 10, malo angwiro angapeze 100.

Titenge pamphambano. Ogula anati zabwino kwambiri, ndiye 7, 9, 10 kuchulukitsa ndi nyemba 3, tipeza 21, 27, 30. Msewu zabwino kwambiri, nyemba 2, tipeza 14, 18, 20. Kuyandikira pakatikati, nyemba 2, tipeza 6, 10, 14. Lendi ndi yowawa, anati zoipa, nyemba 2, tipeza 2, 6, 10. Chitetezo pakatikati, nyemba imodzi, 3, 5, 7. Tikaphatikiza: zikavuta 46, chiyembekezo 66, zikayenda 81.

Kumudzi anati ogula zoipa, msewu zoipa, kuyandikira zabwino kwambiri, mtengo zabwino kwambiri, chitetezo zabwino. Zinatuluka 38, 58, 74.

Kumsewu wa ku Kasungu anati ogula zabwino, msewu zabwino, kuyandikira zabwino, mtengo pakatikati, chitetezo pakatikati. Zinatuluka 44, 64, 84.

Kuti tiyerekeze mosavuta, timaphatikiza manambala atatuwo n'kugawa ndi 3. Pamphambano 64 ndi kakachidutswa, kumsewu wa ku Kasungu 64, kumudzi pafupifupi 57. Mukafika kunyumba mupatse mwana wa Sitandade 7 awerengerenso. Akapeza cholakwa, abwere nacho ku ofesi, tidzamuthokoza pagulu.

Chachisanu ndi chiwiri: sunthani nyemba imodzi

Titaona zotsatirazi ena anakhumudwa. Anati, "Aaa, masiku onsewa tavutikira kuti awiri afanane?" Koma mnyamata wa ku Bunda uja anati tisafulumire, tisunthe nyemba imodzi tione.

Tinachotsa nyemba imodzi m'mbale ya ogula n'kuiika m'mbale ya kuyandikira. Pamphambano panatsika kufika pa 61. Kumudzi kunakwera kufika pa 62. Kumsewu wa ku Kasungu kunakhalabe pa 64. Tinabwezera, kenako tinachotsa imodzi m'mbale ya mtengo wa malo n'kuiika ku ogula. Pamphambano panakwera kufika pa 70, kumsewu wa ku Kasungu 66, kumudzi kunatsikiratu.

Nyemba imodzi yokha, malo oyamba n'kukhala omaliza. Kodi zikutiuza chiyani? Zikutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, malo a kumsewu wa ku Kasungu sagwedezeka kwambiri. Sapambana pa chinthu chilichonse, komanso sagwa pa chilichonse. Pamphambano ndi kumudzi ndi malo a mbali imodzi: akakoma akoma zedi, akaipa aipa zedi. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, mkangano wathu weniweni si wa malo ayi. Ndi wakuti shopuyi tikumangira ndani.

Ngati tikufuna shopu yopanga phindu lalikulu pogulitsa kwa aliyense wodutsa, wa ku Kapiri, wa ku Waliranji, wa ku Mkanda, kuti phindulo lidzabwere kwa inu kumapeto kwa chaka, ndiye kuti nyemba zipite ku ogula, ndipo tilimbe mtima ndi lendi ya pamphambano ndi mpikisano wa mashopu ena amene ali kale pamenepo. Walira mvula walira matope. Ngati tikufuna shopu yoti membala agule mbewu ndi kugulitsa mtedza wake osalipira kabaza wodula, ngakhale phindu la shopu likhale lochepa, nyemba zipite ku kuyandikira. Mayankho onse awiri ndi aulemu. Koma funso limeneli masamu sangakuyankhireni. Eni ake ndinu.

Zimene njirayi singachite

Ndisakunamizeni kuti tapeza mankhwala a zonse. Mukathira gaga m'chigayo musayembekezere ufa woyera. Anthu asanu aja akanakhala kuti anangokhala pa golosale kumwa tiyi n'kubwera ndi mawu opeka, manambala akanatuluka okongola chimodzimodzi, koma abodza. N'chifukwa chake tinasankha anthu a makalabu osiyana, ndipo aliyense amene ali pachibale ndi mwini malo anakhala pambali.

Pamene asanuwo anasiyana maganizo kwambiri, sitinabise. Pa chitetezo cha kumsewu wa ku Kasungu, awiri anati zabwino, awiri anati zoipa chifukwa usiku kumakhala mdima ndipo nyumba zili patalipatali. Tinalemba pakatikati, koma tinalembanso m'buku kuti pamenepa sitikudziwa bwino, tikafunsenso, ndipo tiwerengere malipiro a mlonda wachiwiri. Kusagwirizana koteroko ndi chala cholozera pamene pakufunika kufufuza.

Ndiponso njirayi imangoyerekeza malo amene mwaika pa tebulo. Ngati pali malo achinayi abwino kuposa onsewa amene palibe watchula, nyemba sizingawatulukire. Ngati mukuwadziwa, bwerani nawo msonkhano usanafike, adutse pa sefa ngati anzawo.

Ndikudziwanso kuti ena mwayamba kale kuwerengera mumtima kuti, "Ndikaponya nyemba zonse khumi m'mbale yakuti, shopu ibwera kufupi ndi kwathu." Komiti inakambirana ngati n'koyenera kukuonetsani manambalawa msonkhano usanachitike. Tinagwirizana kuti tikuonetseni, chifukwa zobisa n'zimene zimapha magulu. Koma ndikupempheni: amene adzaponye nyemba moganizira khomo lake lokha adzakhala akubwereza zomwe zija za pansi pa mtengo, kungoti mwakachetechete. Shopu ikagwa, sheya yake igwa nayo limodzi.

Anzathu akale anayambanso ndi shopu

Bungwe la United Nations linatcha chaka cha 2025 kuti ndi chaka cha makopaletivi padziko lonse, monga linachitiranso mu 2012. Mbiri ya makopaletivi a masiku ano imayambira ku Rochdale, ku England, kumene mu Disembala 1844 anthu 28, ena a iwo oluka nsalu, anasonkha ndalama n'kutsegula kashopu mumsewu wotchedwa Toad Lane. Pa mashelefu panali zinthu zochepa: ufa, shuga, batala ndi zina zowerengeka. Chimene chinawasiyanitsa ndi eni masitolo ena chinali sikelo yoona ndi katundu wosasakaniza. Anthu ankadziwa kuti akagula paundi, ndi paundi ndithu.

Ife alimi a ku Mchinji nkhani ya sikelo timaidziwa bwino. Tonse tinaimapo pamaso pa sikelo yokayikitsa, thumba lodzadza n'kumauzidwa kuti silinakwane. Chimodzi mwa zimene tinayambitsira kopaletivi ino zaka khumi zapitazo n'chakuti tikhale ndi sikelo yathu, yoti aliyense aone muvi wake. Chimene ndikukupemphani lero n'chakuti sikelo yomweyo tiigwiritsenso ntchito poyeza maganizo athu. Mtedza timayeza poyera, bwanji malo a mamiliyoni tizisankha ndi kuomba m'manja?

Ndipo musaisiye ku ofesi njirayi. Ena mwa inu mukuganiza zotsegula okala, chigayo kapena malo ogulitsira mbatatesi m'mbali mwa msewu. Khalani pansi ndi akunyumba kwanu, mulembe zinthu zinayi kapena zisanu zimene malowo ayenera kukhala nazo, mugawane nyemba, mukaone malowo dzinja ndi chilimwe, ndipo pa chilichonse mudzifunse kuti zikavuta zidzakhala bwanji. Mudzadabwa kuona zimene amayi a kunyumba akhala akuziona inu osaziona.

Zimene tikukupemphani

Msonkhano usanafike, kalabu iliyonse ikhale pansi ndi kabukuka. Amene amawerenga awerengere anzawo. Mukambirane funso lija: shopuyi tikumangira ndani? Amene mungathe, pitani mukaone malo atatuwa ndi maso anu, ndipo ngati mukuona kuti mawu amene anthu asanu aja anasankha ndi olakwa, mudzanene pa msonkhano ndi chifukwa chake. Tidzasintha pa bolodi pomwepo, aliyense akuona.

Pa tsikulo mbale zisanu zidzakhala m'chipinda, ndipo aliyense wolipira sheya adzalandira nyemba zake khumi. Amayi, musadzatume abambo kuti akuponyereni. Achinyamata, shopuyi mudzaisamala ndinu ife titapita, bwerani. Tikadzawerenga nyemba tidzachulukitsa poyera, tidzasuntha nyemba imodzi uku ndi uku monga ndakuonetserani, kenako mudzavota monga mwa malamulo athu. Manambala ndi mboni chabe, oweruza ndinu.

Mwina tidzalakwitsabe, pakuti za mawa sizidziwika. Koma tikadzalakwitsa, tidzatsegula buku n'kuona pamene tinaphonya, kaya ndi pa ogula, kaya ndi pa msewu, ndipo tidzaphunzirapo. Sitidzalozana zala kuti ndi uje anatinamiza, monga tinachitira shopu yoyamba itatsekedwa, mpaka mabanja ena kuleka kupatsana moni chaka chathunthu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la shopuyi ndi lolemera.

Kwa mnzathu amene anatipatsa malo oyamba aja, amene ali nafe pano lero, ndikuti zikomo. Mphatso yanu inali yochokera pansi pa mtima, cholakwa chinali chathu tonse posafunsa mafunso. Nyumba ija ikadalipo, ndipo kalabu ya kumeneko imasonkhanamo mvula ikamagwa.

 Tikaonane pa msonkhano waukulu, nyemba zili m'manja.